Zinyalala za Mumzinda: Pamene Ntchito ya Khonsolo Imadukira

Mwa ntchito zonse zimene khonsolo ya mzinda imagwira, yochotsa zinyalala ndi imene sibisika ikalephereka. Paipi ya madzi itha kudontha pansi pa nthaka chaka chathunthu anthu osadziwa, koma lole ya zinyalala ikangojomba sabata imodzi, mphuno ya aliyense imamva. Ndi ntchito yodyanso ndalama. Lipoti la World Bank la mu 2018 linapeza kuti m'mayiko osauka makhonsolo amathera pafupifupi 20 peresenti ya bajeti yawo pa zinyalala, pomwe m'mayiko olemera ndi 4 peresenti yokha. Chonsecho m'mizinda ya mayiko osaukawo zimene zimatoledwa ndi 48 peresenti basi, ndipo zoposa 90 peresenti ya zinyalala za m'mayikowo zimatayidwa pamtetete kapena kuwotchedwa.

Zinthu zikavuta chonchi, mawu oyamba kutuluka pa msonkhano wa makhansala ndi akuti malole achepa. Mwina achepadi. Koma mukazungulira kuseri kwa maofesi a makhonsolo ambiri mupeza malole atakhala pa njerwa, matayala atachotsedwa, udzu utamera kunsi kwake. Anagulidwa, kapena anaperekedwa ndi mayiko othandiza, n'kufa asanakalambe. Ntchitoyi kawirikawiri sidukira pogula zipangizo. Imadukira pa ndalama zoyendetsera tsiku ndi tsiku, komanso paliponse pamene zinyalala zikuchoka m'manja mwa uyu kupita m'manja mwa uyo.

Kuyeza kaye

Padziko lonse munthu mmodzi amataya pafupifupi makilogalamu 0.74 patsiku, koma wokonza bajeti sangagwiritse ntchito nambala imeneyi. Ku North America ndi makilogalamu 2.21, kumayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndi 0.46. Mzinda uliwonse uyenera kudziyezera wokha.

Njira imene UN-Habitat, nthambi ya United Nations yoona za mizinda, imalangiza si yovuta. Amasankha mabanja 90: 30 ochita bwino, 30 apakatikati, 30 osauka, n'kuwapatsa matumba olembedwa manambala. Matumbawo amayezedwa pa sikelo kwa masiku 8, koma za tsiku loyamba siziwerengedwa, chifukwa anthu akamva kuti otolera akubwera amatulutsa ndi zimene zinaunjikana kuseri kwa nyumba miyezi yapitayo. Kenako zonse zimakhuthulidwa pa lona n'kusankhulidwa: zowola pazokha, mapepala ndi makatoni, mapulasitiki, zitsulo, magalasi, nsalu, matewera, phulusa ndi mchenga. Misika, mashopu ndi masukulu amayezedwa padera. Ndi bwino kubwereza nthawi ya mvula, pamene zinyalala zimalemera ndi madzi.

Chinthu china choyenera kuyeza, chimene ambiri amachiiwala, ndi kulemera kwa zinyalala poyerekeza ndi malo amene zatenga. M'mayiko olemera zambiri ndi makatoni ndi mapaketi opanda kanthu, ndiye kiyubiki mita imodzi imalemera makilogalamu 100 mpaka 170. Kumene zinyalala zili makoko, masamba, zakudya zotsala, phulusa ndi dothi losesedwa pabwalo, kiyubiki mita yomweyo imalemera makilogalamu 250 mpaka 500. Lole yofinya zinyalala, ija imaoneka bwino pa chithunzi cha tsiku lolandirira mphatso, inapangidwira zinyalala zopepuka. Mukaidzaza zonyowa ndi zolemera kale, ilibe choti ifinye, imangosenza mopitirira mphamvu ya ekiselo ndi matayala ake. Mchenga umapala zitsulo zotsetsereka, madzi owawasa a zowola amadyetsa dzimbiri thupi la lole, ndipo sipeya ya mapampu ake imachita kuitanitsidwa kunja. Walira mvula walira matope. Mizinda yambiri ikanapindula kwambiri ndi tipa wamba yophimbidwa ndi ukonde, kapena thirakitala yokoka ngolo ngati mtaya uli pafupi.

Masamu ake amayenda motere. Tiyerekeze mzinda wa anthu 500,000, aliyense akutaya theka la kilogalamu patsiku. Amenewo ndi matani 250. Zinyalala zilibe tsiku lopuma koma antchito ali nalo, ndiye za masiku 7 zimanyamulidwa m'masiku 6, matani pafupifupi 292 pa tsiku la ntchito. Lole ya matani 5 ikamayenda maulendo atatu imachotsa matani 15, motero pamsewu pafunika malole 20. Popeza nthawi iliyonse ena amakhala ku garaja, kuti 20 aziyenda payenera kukhala 25. Tsopano mtaya usamutsidwire kutali, maulendo atsike akhale awiri: malole ofunika pamsewu akwera kufika 30, mumzinda simunabadwe munthu ndi mmodzi yemwe. N'chifukwa chake mtaya ukatalikira makilomita 20 mpaka 30, zimalipira kumanga malo osinthira katundu, pamene timagalimoto ting'onoting'ono timakhuthulira m'lole imodzi yaikulu.

Ku garaja ndi kumene mapulani ambiri amafera. Lole imaima miyezi iwiri chifukwa cha fyuluta kapena paipi ya mafuta, osati poti sipeyayo ndi yodula, koma poti pepala lopempha kuigula likuzungulira m'maofesi kudikira siginecha. Podikirapo makaniko amasula sipeya pa lole ina yoima, ndipo lole yomasulidwayo sidzadzukanso. Khonsolo yokhala ndi malole a makampani osiyanasiyana, poti wothandiza aliyense anabweretsa akwawo, imavutika koposa. Zothandiza n'zodziwika: kugula mtundu umodzi kapena iwiri yokha, kusunga mafyuluta, malamba, mabuleki ndi matayala m'sitolo, kuchita sevisi potsata makilomita osati podikira kuti lole ife, kutsuka thupi la lole tsiku lililonse, ndi kufananitsa dizilo wothiridwa ndi mtunda woyendedwa. Musaiwalenso msewu wa mkati mwa mtaya. Matayala ambiri amaphulikira mmenemo, ndipo mvula ikagwa ndi mmene malole amatitimira.

Kuchokera pakhomo kufika pa sikipi

M'madera amene nyumba zinamangidwa mothithikana lole silowa. Zinyalala zimachoka pakhomo pa wilibala, pa ngolo yokankha kapena m'ndowa, kupita pa sikipi, chidebe chachikulu chachitsulo chimene lole imadzanyamula. Pamenepa ndi pamene ntchito imaduka kwambiri, ndipo zifukwa zake ndi zazing'ono mochititsa manyazi. Sikipi ikatalikira mamita oposa 100 kapena 150, anthu safikako, amataya m'ngalande imene ili pafupi. Otumidwa kukataya kawirikawiri ndi ana, ndipo mlomo wa sikipi umawapitirira msinkhu, ndiye amakhuthulira pansi. Wobwera pambuyo safuna kuponda zonyansa, amaponya ataima chapatali. Pomatha sabata sikipi ili theka koma yazunguliridwa ndi mulu. Wina amathiramo phulusa lamoto, zinyalala zimayaka, penti imapsa, chitsulo chimapindika n'kuyamba dzimbiri. Lole ikafika, antchito amatha ola lathunthu akutapa ndi mafosholo, ulendo wachitatu uja n'kutayika. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: simenti pansi, masitepe okwerapo ana, munthu wolipidwa woyang'anira, komanso kuti lole izibwera ndi sikipi yopanda kanthu kudzasinthanitsa ndi yodzaza.

Kumalo otentha ntchentche imachoka pa dzira kufika pouluka m'masiku 7 mpaka 10. Kutolera kamodzi pa sabata n'kuchedwa, chifukwa mphutsi zimakhala zatuluka kale n'kulowa m'dothi. Kawiri pa sabata ndiye pochepetsetsa, ndipo ku misika ndi tsiku lililonse. Komabe kusunga tsiku kumaposa kubwera pafupipafupi. Anthu akadziwa kuti otolera amafika Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa osaphonya, amasunga zinyalala zawo. Akaphonyedwa kawiri, amabwerera ku ngalande, ndipo kuwachotsako kumatenga miyezi.

Mzinda wa Indore ku India unachita zimene ambiri angaope. Unachotsa mabini a m'misewu n'kuyamba kutumiza timagalimoto togawidwa zipinda khomo ndi khomo, pa nthawi yodziwika, tikuimba nyimbo kuti anthu atuluke ndi zinyalala zosiyanitsidwa kale. Kuyambira 2017 unakhala woyamba zaka zotsatizana pa mpikisano wa boma la India wa mizinda yaukhondo. Kuchotsa mabini kumayenda pokhapokha galimoto isajombe, apo ayi anthu alibe kotaya.

Zosatoledwa zimathera m'ngalande, ndipo vutolo limasanduka la madzi osefukira ndi matenda. Ku Surat, ku India komweko, mliri wa matenda ofalitsidwa ndi makoswe unabuka mu 1994 madzi atasefukira mumzinda wodzala zinyalala, ndipo anthu masauzande ambirimbiri anathawa. S. R. Rao, amene anapatsidwa udindo woyendetsa khonsoloyo mu 1995, analamula akuluakulu kuti m'mawa uliwonse azikhala m'misewu osati m'maofesi, ndipo pasanathe zaka ziwiri mzindawo unkatchulidwa pakati pa yaukhondo kwambiri m'dzikolo. Ku Accra, likulu la Ghana, pa 3 June 2015 anthu pafupifupi 150 anafa pamene madzi osefukira osakanikirana ndi mafuta anayaka pa malo omwetsera magalimoto, ndipo ngalande zotsekeka zinali pakati pa zimene zinachititsa kusefukirako. Bangladesh inaletsa majumbo opyapyala mu 2002 pa chifukwa cha ngalande chomwechi. Cholakwika chimene chimabwerezedwa kulikonse n'chakuti okumba ngalande amaunjika matope m'mphepete, lole yowachotsa ili m'manja mwa nthambi ina ya khonsolo, mvula yoyamba n'kuwabwezera mmene anachokera.

Ndalama

Wosalipira madzi kapena magetsi amadulidwa. Wosalipira zinyalala simungamudule, chifukwa mukasiya zake zikathera pakhomo pa amene analipira. Choncho makhonsolo amamangirira malipiro a zinyalala ku chinthu china. Ambiri amadalira msonkho wa malo ndi nyumba, koma kaundula wa nyumbazo amakhala wakalekale, madera athunthu atsopano mulibe. Freetown ku Sierra Leone, pansi pa meya Yvonne Aki-Sawyerr, inakonzanso kaundula wake cha mu 2020 pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti ndi mapointi owerengedwa pa zinthu zooneka ndi maso, monga kukula kwa nyumba, mtundu wa denga ndi makoma. Nyumba zolembedwa zinawonjezeka pafupifupi kawiri. Ubwino wa njirayi ndi wakuti mwini nyumba atha kuona yekha mmene msonkho wake wawerengedwera.

Ku Maputo malipiro a zinyalala amalowa pamodzi ndi a magetsi, ndipo amakwera molingana ndi magetsi amene banja likugwiritsa ntchito, motero wochita bwino amalipira zambiri popanda womufunsa malipiro ake. South Korea inatenga njira ina mu 1995: zinyalala zimatoledwa pokhapokha zili m'matumba apadera ogula, pomwe zobwezeredwa ku fakitale zimatoledwa ulere. Wotaya zambiri amagula matumba ambiri. Mu 2005 dzikolo linaletsanso kukwirira zakudya zotsala ku mtaya. Njira ya matumbayi imafuna khonsolo yotha kugwira ophwanya lamulo. Kumene kulibe mphamvu imeneyo, imangochulukitsa otaya usiku.

Ndalama zikatoledwa ziyenera kukhala mu akaunti yakeyake. Zikalowa m'thumba limodzi ndi zina zonse, malipiro a antchito ndi maalawansi a misonkhano amadya kaye, dizilo n'kudikira. Lole ya zinyalala imatha zaka 7 mpaka 10, ndiye chaka chilichonse payenera kupatulidwa gawo la mtengo wa yolowa m'malo mwake. Kupereka ntchito kwa kampani sikuchotsa udindo umenewu. Kontirakiti yolipira pa tani imafuna sikelo ya magalimoto yoyang'aniridwa ndi khonsolo, apo ayi mudzalipira mchenga ndi zidutswa za njerwa. Yolipira pa dera imapangitsa kampani kudumpha misewu yovuta. Kontirakiti ya chaka chimodzi siilola kampani kugula malole abwino, poti singabweze ndalama zake. Ndipo khonsolo yochedwa kulipira ilibe pakamwa podzudzula kampani yochedwa kutolera.

Zowola

M'mayiko osauka ndi apakatikati zoposa theka la zinyalala ndi zowola. Ndi zimene zimalemera, kununkha, kuitana ntchentche, ndipo zikakwiriridwa popanda mpweya zimatulutsa mpweya wotchedwa methane, umene pa zaka 100 umatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi ka 28 kuposa mpweya wa carbon dioxide. Tani iliyonse yosandutsidwa kompositi pafupi ndi pamene yatuluka ndi tani yosafuna dizilo. Poyambira pabwino ndi msika wa zamasamba, chifukwa zowola zimatuluka zambiri pamalo amodzi, zosasakanikirana kwambiri.

Malo ake akhale a simenti, otsetsereka pang'ono kuti madzi otuluka akathere m'dzenje, ndiponso ofoleredwa. Zowola zikafika zimasankhulidwa, zikuluzikulu n'kuduladula. Tizilombo towoletsa timafuna kaboni wochuluka ka 25 mpaka 30 kuposa naitirojeni. M'manja izi zikutanthauza ndowa imodzi ya zonyowa, monga makoko ndi zakudya zotsala, kusakaniza ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za zouma, monga masamba ouma, udzu, utuchi ndi makatoni ong'ambidwa. Mulu umayalidwa mumzere wotalika mita imodzi ndi theka m'mwamba, mamita awiri kapena atatu m'lifupi. Chinyezi chikhale 50 mpaka 60 peresenti. Tapani dzanja limodzi mufinye: chibumacho chigwirane, kutuluke dontho limodzi kapena awiri. Madzi akachucha pakati pa zala, onjezani zouma. Chikamwazika mukatambasula dzanja, thirani madzi. Pakatha masiku ochepa kutentha kwa mkati kumafika madigiri 55 mpaka 65. Lamulo la ku United States la mizere yotereyi limafuna madigiri 55 kapena kuposa kwa masiku 15, mulu utatembenuzidwa kasanu, kuti tizilombo toyambitsa matenda tife, ndipo kutentha komweko kumapha njere zambiri za udzu. Potembenuza, zakunja zilowe mkati. Mulu ukapitirira madigiri 70 tizilombo tothandiza timafanso, ndiye utembenuzidwe msanga.

Mphuno imauza vuto. Fungo la mkodzo ndiye kuti zonyowa zachuluka, pafunika zouma. Fungo la dzira lovunda ndiye kuti mpweya sukulowa. Mulu wozizira ndi wouma kwambiri kapena waung'ono kwambiri. Zonse zikayenda bwino kompositi amapsa m'masabata 8 mpaka 12, n'kusefedwa pa sefa ya mamilimita 10, ndipo pa tani imodzi pamatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi. Musanagulitse, fesani njere m'kachitini. Zikapanda kumera bwino, sanapse.

Mafakitale ambiri akuluakulu a kompositi anatsekedwa, ndipo chifukwa chake chimafanana: ankalandira zinyalala zosakanizidwa. Kompositi wake amatuluka ndi timagalasi, timapulasitiki ndi poizoni wa mabatire, ndipo mlimi akadzicheka kamodzi sabweranso. Chachiwiri n'kuyembekeza kuti kugulitsa kompositi kulipira ntchito yonse. Sikulipira. Phindu lenileni lili pa maulendo a lole amene apulumutsidwa ndi malo a ku mtaya amene sanadzaze, ndipo khonsolo iyenera kubwezako gawo la ndalama zimenezo kwa opanga kompositi.

Nanga bwanji osangowotcha n'kupanga magetsi? Ogulitsa makina amakonda funso limeneli. Kuti ng'anjo iyake yokha, zinyalala ziyenera kupereka mphamvu ya mamegajulu (muyezo wa mphamvu ya moto) 7 pa kilogalamu pa avereji, osatsika pa 6. Zonyowa zodzala makoko ndi dothi nthawi zambiri sizifika pamenepo. Ng'anjo ya Timarpur ku Delhi, yomangidwa mu 1987 kuti iziwotcha matani 300 patsiku, inayenda masabata atatu okha n'kuima pa chifukwa chimenechi. Ng'anjo imafunanso mapepala ndi mapulasitiki omwewo amene anthu otola zinyalala zokagulitsa amadalira.

Ku mtaya

Pa 10 July 2000 phiri la zinyalala la Payatas pafupi ndi Manila linagumuka mvula itagwa masiku angapo, n'kupha anthu oposa 200. Mu March 2017 mtaya wa Koshe ku Addis Ababa unapha oposa 100. Mu February 2018 wa Hulene ku Maputo unagwera nyumba usiku. Konseko munali zofanana: mulu wautali wosatsenderedwa, m'mbali mochita phompho, madzi atadzaza mkati, anthu osauka atamanga m'munsi.

Mtaya utha kukonzedwa kwambiri ngakhale ndalama zomangira wamakono palibe. Malole onse azikhuthulira pamalo amodzi aang'ono patsiku, osati paliponse. Zinyalala ziyalidwe mosapitirira theka la mita, chikatapila chipondepo katatu mpaka kasanu, ndipo madzulo zikwiriridwe ndi dothi la masentimita 15, limene limaletsa ntchentche, fungo ndi moto. M'mbali musatsetsereke kuposa mita imodzi m'mwamba pa mamita atatu m'litali. Ngalande izungulire malowo kuti madzi a mvula asalowe, chifukwa dontho lililonse lodutsa m'zinyalala limatuluka lakuda ndi lapoizoni, kulunjika ku zitsime. Mtaya wamakono umayalidwa pansi dongo lotsenderedwa ndi pulasitiki yolimba ya mamilimita 1.5 mpaka 2. Mpweya wotuluka m'kati pafupifupi theka ndi methane, amene amaphulika akafika 5 mpaka 15 peresenti mumpweya, ndiye nyumba sizimangidwa pamwamba pa mtaya wakale mwachisawawa.

Njira yotsika mtengo imene yafalikira ndi ya Fukuoka, yopangidwa ndi yunivesite ndi khonsolo ya mzinda wa Fukuoka ku Japan m'ma 1970, ndipo inagwiritsidwa ntchito pokonza Koshe ndi Hulene ngozi zitachitika. Pansi pamayalidwa mapaipi akuluakulu obooledwa, okutidwa ndi miyala, olumikizidwa ndi ena oimirira. Madzi akuda amatsika n'kutuluka kupita ku dziwe, ndipo kutentha kwa m'zinyalala kumakoka mpweya kulowa m'mapaipi omwewo. Zinyalala zimawola msanga, methane amachepa, mulu umauma n'kukhazikika. Zonsezi zimadalira kamwa la paipi kukhala pamwamba pa madzi a m'dziwe. Likamira, mpweya sulowanso.

Malo a mtaya wotsatira afunidwe wakale usanadzaze, chifukwa kupeza malo, kuyeza nthaka ndi kumvana ndi anthu oyandikana nawo kumatenga zaka. Ku Lebanon, mtaya wa Naameh umene unkalandira zinyalala za mzinda wa Beirut unatsekedwa mu July 2015 popanda wina wolowa m'malo, ndipo zinyalala zinaunjikana m'misewu kwa miyezi.

Anthu amene akugwira kale ntchitoyi

Khonsolo isanayambe pulogalamu iliyonse yobwezera zinthu ku fakitale, mumzindamo muli kale anthu otola mabotolo, zitsulo ndi makatoni, osalipidwa ndi khonsolo. Kuwanyalanyaza kumadula. Ku Cairo anthu otchedwa Zabbaleen akhala akutolera khomo ndi khomo kwa zaka zambiri, zowola n'kudyetsa nkhumba, ndipo ofufuza amati ankapulumutsa mpaka 80 peresenti ya zimene atolera. Mu 2003 ntchitoyi inaperekedwa kwa makampani akunja amene makontirakiti awo ankangofuna 20 peresenti. Mu 2009 boma linapha nkhumba pafupifupi 300,000 poopa chimfine cha nkhumba. A Zabbaleen analibenso chifukwa chotolera zowola, ndipo zinaunjikana m'misewu.

Pune ku India inachita mosiyana. Otola zinyalala anakhazikitsa bungwe lawo mu 1993, ndipo mu 2008 kopaletivi yawo ya SWaCH inasainirana mgwirizano ndi khonsolo. Mamembala, ambiri mwa iwo amayi, amatolera khomo ndi khomo ndi ngolo zokankha, banja lililonse limawalipira mwachindunji pamwezi, ndipo zogulitsika ndi zawo. Khonsolo imapereka zipangizo ndi malo osankhulira, n'kunyamula zotsala. Curitiba ku Brazil, pa nthawi ya meya Jaime Lerner, inayamba mu 1991 pulogalamu ya Câmbio Verde m'madera osauka: makilogalamu 4 a zobwezeredwa ku fakitale amasinthanitsidwa ndi kilogalamu imodzi ya zipatso ndi ndiwo zamasamba zogulidwa kwa alimi ang'onoang'ono ozungulira mzinda.

Masiku osesa mumzinda ali ndi malo ake, koma amatamandidwa mopitirira. Anthu amaloza Kigali ku Rwanda ndi umuganda, ntchito yogwirira limodzi ya Loweruka lomaliza la mwezi, n'kuiwala kuti masiku ena onse mumzindamo mumayenda makampani otolera olipidwa ndi mabanja komanso osesa m'misewu a pa malipiro, ndiponso kuti majumbo analetsedwa mu 2008. Tsiku losesa lopanda lole yodzanyamula milu tsiku lomwelo limangophunzitsa anthu kuti anataya nthawi. Ntchito yongodzipereka imatha kuyeretsa dera kamodzi, koma siitha kutolera zinyalala kawiri pa sabata chaka chonse.

Mgwirizano wa khonsolo ndi gulu la m'dera ulembedwe, ndipo unene malire a dera, masiku otolera, malipiro a banja lililonse ndi amene akuwatolera, malo enieni operekera zinyalala kwa khonsolo, ndi maola amene sikipi yodzaza ingadikire. Magulu ambiri amagwa chifukwa cha mfundo yomalizayi: anatolera bwino, lole ya khonsolo sinabwere, mabanja anaona mulu n'kusiya kulipira. Unenenso za magolovesi, majombo, katemera wa kafumbata, chiphaso choti apolisi ndi alonda asamawathamangitse, ndi kuti zinyalala za kuchipatala, monga majakisoni, sizilowa mu ngolo zawo.

Chotsala ndi mitengo. Wotola sangadalire kugulitsa kokha, chifukwa mtengo wa pulasitiki yakale umagwa mafuta akatsika mtengo, poti yatsopano imatchipa. China itasiya kulandira mitundu yambiri ya zinyalala zakunja mu January 2018, mitengo ya mapepala ndi mapulasitiki osakanizidwa inagwa m'mayiko ambiri nthawi imodzi. Ku Bogotá otola zinyalala, motsogozedwa ndi anthu monga Nohra Padilla, anamenyera nkhaniyi m'makhoti, ndipo khoti loona za malamulo aakulu a Colombia linagamula mowakomera mu 2003 ndi 2011. Kuyambira 2013 anayamba kulipidwa pa kulemera kwa zimene apulumutsa kuti zisapite ku mtaya, kuwonjezera pa zimene amapeza pogulitsa. Kuti malipiro otere afike kwa wokankha ngolo, pafunika kaundula wa otola enieni, masikelo ovomerezeka pamalo ogulira, ndi munthu wofananitsa matani olembedwa ndi matani amene mafakitale alandira, chifukwa popanda zimenezi katoni imodzi imayezedwa kawiri ndipo ndalama zimatsalira kwa ogula apakati.